Macheka "opepuka" odulira nthambi: zimene sikelo sikuuzani

Tengani botolo la malita awiri lodzaza madzi. Limalemera pafupifupi makilogalamu awiri. Ligwireni pafupi ndi chifuwa, muwerenge mpaka 60. Palibe chovuta, eti? Tsopano tambasulani mkono wonse kutsogolo botolo lili m'manja, muwerengenso. Musanafike pa 60, phewa layamba kale kuwotcha. Botolo ndi lomwe lija, madzi ndi omwe aja. Nanga chasintha n'chiyani?

Sungani funso limeneli, chifukwa nkhani yonse ya lero yagona pamenepo. Masiku ano m'mashopu a zipangizo ndi pa Facebook pakuchuluka macheka oyendera batire kapena petulo, aja ambiri amangowatchula kuti chainsaw, ndipo wogulitsa aliyense akuti ake ndi "opepuka". Mvula ikayandikira, nthambi ya mango n'kuyamba kukhula malata usiku, m'nyumba zambiri wofunsidwa ndi mwana wa kusekondale: "Iwe, tafufuza pa foni yakoyo, tigule ati?" Yankho lanu likhudza zinthu zitatu: ndalama za makolo, moyo wa mtengowo, ndi zala za munthu amene adzagwire machekawo.

Tinene poyambirira: makina amenewa si ogwira ana asukulu. Ndi a munthu wamkulu amene anaphunzitsidwa. Koma masamu osankhira ndi anu, ndipo ambiri mwa iwo mumawaphunzira kale mu Physics ndi Biology.

Anayamba ndi madokotala

Mwina mudabwa, koma tcheni cha mano akuthwa sichinayambire kunkhalango. M'zaka za m'ma 1780, madokotala awiri a ku Scotland, John Aitken ndi James Jeffray, ankagwiritsa ntchito katcheni kokoka ndi manja podula mafupa pa opaleshoni. Mu 1830, Bernhard Heine wa ku Germany anapanga chipangizo chodulira mafupa chimene tcheni chake chinkazungulira pa chitsulo munthu akamapukusa. Za mitengo zinabwera pambuyo: mu 1926 Andreas Stihl anapanga macheka a magetsi, ndipo mu 1927 Emil Lerp anatulutsa a petulo. Makina oyambawo ankalemera makilogalamu opitirira 40, moti ankafuna anthu awiri.

Dzino la tcheni limene tikulidziwa lero linachokera kwa mphutsi. Wodula mitengo wina wa ku America, Joseph Cox, anaona mphutsi ya kachilombo koboola mitengo ikudya chitsa mosavuta ndi nsagwada zake zopindika. Anatengera zomwezo, ndipo mu 1947 anayamba kupanga tcheni cha mano opindika, lina loyang'ana kumanzere, lotsatira kumanja.

Dzino lililonse limapala kachidutswa kopyapyala ka mtengo, monga achitira akalipentala posalaza thabwa. Kutsogolo kwa dzino kuli kachitsulo kotukuka koletsa dzinolo kulowa mopitirira. Pa matcheni ambiri ang'onoang'ono kamatsika pafupifupi mamilimita 0.65 kuyerekeza ndi dzino. N'chifukwa chake tcheni chakuthwa chimalavula tizibenthu tooneka bwino, pamene chobuntha chimatulutsa utuchi wosalala ngati ufa. Mukaona ufa, dziwani kuti mphamvu ya makinawo ikuthera pa kutentha, osati pa kudula.

Yambani ndi nthambi, osati ndi shopu

Musanaone mtengo wa macheka, pitani mukayeze nthambi. Ngati ili pofikika muli pansi, izengerezeni chingwe, muyeze kutalika kwa chingwecho, kenako mugawe ndi 3.14. Mwapeza kunenepa kwa nthambiyo kuchoka mbali ina kufika mbali inayo.

Nambala imeneyi ndi yofunika kuposa mmene imaonekera, chifukwa ntchito yodula imayendera kukula kwa malo odulidwawo, ndipo malowo ndi ozungulira. Tiyeni tiwerengetse ndi πr². Nthambi ya masentimita 5 ili ndi malo odula pafupifupi 20 cm². Ya masentimita 10 ili ndi 79 cm². Ya masentimita 20 ili ndi 314 cm². Mwaona? Nthambi ikanenepa kawiri, ntchito imachuluka kanayi. Choncho macheka amene amangodutsa fyuu pa nthambi ya masentimita 5 adzapeza ntchito yochuluka ka 16 pa ya masentimita 20. Apa ndi pamene timacheka tating'ono timapsera mota.

Zipangizo zilipo za magulu angapo. Pa nthambi zosakwana masentimita 5, makina safunika n'komwe: sizasi yaikulu yodulira mitengo kapena sowo yamanja ndi zokwana. Pa nthambi za masentimita 5 mpaka 10 pali timacheka ta batire tolemera kilogalamu imodzi kapena awiri, tokhala ndi bar ya masentimita 10 mpaka 15. Bar ndi chitsulo chaphwatalala chija tcheni chimazungulirapo. Nthambi zikafika masentimita 10 mpaka 25 zimafuna macheka ogwira ndi manja awiri, a bar ya masentimita 25 mpaka 35, ndipo amenewa amalemera makilogalamu atatu mpaka asanu. Pomaliza pali macheka a pa ndodo yaitali, odulira nthambi zapamwamba munthu ataima pansi.

Lamulo losavuta ndi ili: bar italike kuposa kunenepa kwa nthambi ndi masentimita pafupifupi asanu. Bar yotalika mopitirira apo si ulemu ayi. Imangowonjezera kulemera kutsogolo, imadya batire, komanso, monga tione posachedwa, imawonjezera ngozi.

Yankho la botolo lija

Sikelo imayeza kulemera kokha, koma phewa lanu limamva china: mphamvu yopotokola imene mu Physics timaitcha moment. Moment ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda kuchokera pamene chinthu chikuzungulirira. Pa botolo lija, pozungulirira pake ndi phewa.

Titenge macheka a makilogalamu atatu. Dziko limawakoka ndi mphamvu ya pafupifupi 30 N. Mukawagwira pafupi ndi thupi, mamita 0.3 kuchokera paphewa, moment ndi 30 × 0.3 = 9 Nm. Mukatambasula mikono mpaka mamita 0.6, ifika 18 Nm. Macheka omwewo, katundu wa paphewa wawirikiza.

Tsopano onani a pa ndodo. Tinene kuti mutu wake, pamene pali bar ndi tcheni, ukulemera makilogalamu 1.5 okha, ndipo ndodo ndi ya mamita atatu. Ndodoyo ikagona chopingasa, moment ndi 15 × 3 = 45 Nm, tisanawerengere kulemera kwa ndodo yeniyeniyo. Mukaidzutsa kufika madigiri 60 kuchokera pansi, mtunda wopingasa umatsika kufika mamita 1.5, ndipo moment imakhala 22.5 Nm. Kamutu ka makilogalamu 1.5 kakutopetsani kuposa macheka a makilogalamu atatu! Yesani nokha: mangirirani botolo la theka la lita kunsonga ya nsungwi yaitali, muinyamule chopingasa, kenako choimika. Mikono yanu ikuuzani zimene masamu anena.

Ndiye posankha musangofunsa kuti akulemera bwanji. Funsaninso kuti kulemerako kuli pati. Macheka a pa ndodo amene batire ndi mota zili kumbuyo, pafupi ndi manja, amamveka opepuka kuposa amene zonse zili kunsonga, ngakhale sikelo itati ndi ofanana. Macheka ogwira ndi manja awiri, mukawanyamula ndi chogwirira chakutsogolo chokha ali ozima, azikhala chopingasa, osagwera kutsogolo. Chinanso, chenjerani ndi nambala ya pa bokosi. Opanga ambiri amalemba kulemera kopanda batire, kapena kopanda bar, tcheni ndi mafuta. Batire lokha litha kuwonjezera theka la kilogalamu kapena kuposa.

N'chifukwa chiyani tikulimbikira za kutopa? Chifukwa mkono wotopa sugwira zolimba, ndipo macheka osagwidwa zolimba ndi amene amavulaza.

Petulo kapena batire?

Pa nkhani yosunga mphamvu, petulo alibe mnzake. Kilogalamu imodzi ya petulo imasunga mphamvu yoposa 12,000 Wh, pamene kilogalamu imodzi ya mabatire a lithium-ion imasunga pakati pa 150 ndi 250 Wh. N'zoona kuti injini yaing'ono imataya gawo lalikulu la mphamvuyo ngati kutentha ndi phokoso, pamene mota ya magetsi imataya yochepa. Koma ngakhale titachotsera zotayikazo, petulo amapambanabe pafupifupi kakhumi. N'chifukwa chake ocheka matabwa tsiku lonse m'minda ya paini ndi bulugama amadalirabe petulo.

Koma kudula nthambi zingapo pakhomo si ntchito ya tsiku lonse. Apa petulo amabwera ndi katundu wake: thanki, chingwe cholizira, utsi, phokoso, ndi kusakaniza mafuta. Injini za macheka amenewa ndi za two-stroke, zilibe posungira oilo wa injini padera, choncho oilo amasakanizidwa mu petulo momwemo. Ambiri amafuna muyezo wa 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 100 a oilo wa two-stroke mu malita asanu a petulo. Mukaiwala oilo, injini imapsa. Petulo wosakaniza akakhalitsa miyezi amawonongeka n'kutseka tinjira ta mafuta, ndiye macheka ogwira ntchito kawiri pachaka amakonda kukana kulira tsiku lomwe mwawafuna.

Macheka a batire amalira mukangodina, amaima mukangosiya, ndipo satulutsa utsi. Vuto lawo ndi lakuti amafuna kutchaja, ndipo kumene magetsi amazimazima kapena kulibe n'komwe, izi n'zofunika kuziganizira musanagule.

Pa batire pamalembedwa manambala awiri: ma volt ndi ma amp-hour. Mukawachulukitsa mumapeza mphamvu yonse imene lasunga. Batire la 18 V ndi 2 Ah lili ndi 36 Wh, la 18 V ndi 4 Ah lili ndi 72 Wh. Poyerekeza mabatire awiri, yang'anani Wh, osati ma volt okha.

Apa pali kachinyengo kamene sayansi ikuthandizani kukagwira. M'kati mwa batire muli timabatire tozungulira totchedwa ma cell. Kalikonse kamapereka pafupifupi 3.6 V ndipo kamalemera pafupifupi magalamu 45. Batire la 18 V limakhala ndi ma cell asanu olumikizidwa motsatizana: 5 × 3.6 = 18. Likangochoka pa tchaja limafika cha m'ma 20 V, n'chifukwa chake ena amalemba 20 V, koma ndi batire lomwelo. Tsopano mukaona kabatire kokwana m'chikhatho kolembedwa 88 V, werengetsani. Kuti pakhale 88 V pafunika ma cell pafupifupi 24, ndipo amenewo okha alemera kupitirira kilogalamu imodzi. Ngati kabatireko n'kopepuka ngati sopo, nambalayo ndi yokopera ogula basi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Batire la lithium-ion limadana ndi kutentha. Lisasiyidwe padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, lisatchajidwe likadali lotentha, ndipo likatupa lisagwirenso ntchito, chifukwa litha kuyaka.

Kickback: lamulo lachitatu la Newton likakwiya

Tcheni chimayenda motere: pamwamba pa bar chimachoka kwa wogwira kupita kutsogolo, chimakhota pansonga kulowera pansi, n'kubwerera kudzera kunsi. Pa macheka a petulo liwiro lake limafika mamita 20 pa sekondi, ndiko kuti makilomita 72 pa ola. Timacheka tating'ono ta batire timayenda pang'onopang'ono kuposa apa, koma khungu la munthu silisiyanitsa.

Tsopano taganizani kuti mbali yam'mwamba ya nsonga ya bar yagunda nthambi ina mwangozi. Pamalo amenewo mano akulowera pansi. Dzino likakodwa, limakankha mtengo kulowera pansi, ndipo mtengo nawo umakankha dzino ndi mphamvu yofanana kulowera m'mwamba. Ndi lamulo lachitatu la Newton lija. Zotsatira zake, bar yonse imadumpha m'mwamba ndi kumbuyo, molunjika nkhope ndi phewa la wogwira. Izi zimatchedwa kickback, ndipo zimachitika mofulumira kuposa mmene ubongo ungauzire dzanja kuti lichitepo kanthu.

Apa kupepuka sikukuthandizani. Kumbukirani F = ma: pa mphamvu yofanana, chinthu chopepuka ndicho chimadumpha msanga. Chimene chimathandiza ndi kapangidwe. Macheka abwino ogwira ndi manja awiri amakhala ndi buleki ya tcheni, chotchinga chija chili kutsogolo kwa dzanja lamanzere. Macheka akadumpha, chotchingacho chimagunda dzanja, kapena kudumphako kumachikankha chokha, ndipo tcheni chimaima sekondi isanakwane. Palinso matcheni opangidwira kuchepetsa kickback, ndi ma bar a nsonga yaing'ono.

Samalani kwambiri ndi macheka ena ang'onoang'ono amene zogwirira zonse ziwiri zili pamwamba, moyandikana. Pa sikelo ndi opepuka zedi, ndiye amakopa. Koma bwererani ku moment: manja akayandikana, mtunda pakati pawo ndi waufupi, choncho mphamvu yoletsera macheka kudumpha ndi yochepa. Ku Britain, bungwe loona za chitetezo pa ntchito la Health and Safety Executive limanena kuti macheka otere ndi a akatswiri ophunzitsidwa kugwira ntchito ali m'mwamba mwa mtengo. Si a pakhomo.

Timacheka togwira ndi dzanja limodzi tili ndi msampha wakewake. Dzanja linalo limakhala lopanda ntchito, ndiye munthu amaligwiritsa nthambi pafupi ndi podula. Tcheni chikatsetsereka, chimapeza zala. Dzanja limenelo lizikhala pa macheka kapena kutali.

Malamulo awiri alibe kukambirana: osadula ndi chainsaw pamwamba popitirira phewa, ndipo osaigwiritsa ntchito uli pa makwerero.

Makutu ndi manja

Phokoso limayezedwa mu ma decibel, dB, ndipo muyezo wake ndi wonyenga: kuwonjezera 3 dB kokha ndi kuwirikiza kawiri mphamvu ya phokosolo. Bungwe la ku America lofufuza za umoyo wa anthu pa ntchito, NIOSH, limalangiza kuti pa 85 dB munthu asapitirire maola asanu ndi atatu patsiku, ndipo pa 3 dB iliyonse yowonjezera nthawiyo idulidwe pakati. Pa 88 dB ndi maola anayi, pa 91 dB awiri, pa 94 dB ola limodzi, pa 100 dB mphindi 15 zokha. Macheka a petulo nthawi zambiri amapitirira 100 dB pa khutu la wogwira. Timaselo ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso. A batire amachepa phokoso, koma zotseka m'makutu zimafunikabe, pamodzi ndi magalasi oteteza maso, chisoti, magolovesi ndi nsapato zolimba. Masilipasi ayi.

Kunjenjemera kwa makina nako kumawononga mitsempha ya m'zala pakapita zaka, mpaka zala kumachita dzanzi ndi kuyera. Mota ya magetsi imanjenjemera pang'ono poyerekeza ndi injini, ndipo iyi ndi mfundo ina yokomera batire.

Mtengo nawo uli ndi mbali yake

Macheka opepuka anathandizanso sayansi. Katswiri wa matenda a mitengo wa ku United States Forest Service, Alex Shigo, anapezerapo mwayi pa macheka onyamula munthu mmodzi n'kuyamba kung'amba mitengo masauzande ambiri m'litali mwake kuti aone mmene kuola kumayendera m'kati. Zimene anapeza zinasintha kadulidwe ka nthambi. Mtengo suchira bala ngati mmene khungu lanu limachitira. Umatchinga malo ovulalawo ndi makoma a maselo ndi mankhwala ake kuti kuola kusafalikire, kenako umameretsa mtengo watsopano pamwamba pake.

Yang'anani pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu. Muona potupa pang'ono, ngati kolala ya malaya. Pamenepo ndi pamene pali maselo ogwira ntchito yotchinga ija. Mukadula mosalaza ndi thunthu, mwachotsa kolalayo ndipo kuola kulowa m'thunthu. Mukasiya chitsa chachitali, chimauma n'kukhala khomo la chiswe ndi matenda. Podula pabwino ndi kunja kwenikweni kwa kolala. Bala lodulidwa bwino silifuna penti kapena oilo. Ndipo apa ndi pamene sowo imaposa chikwanje, chifukwa chikwanje chimasiya bala lokumbikakumbika losunga madzi.

Physics ibweranso. Nthambi yopingasa ili ngati mkono wanu wonyamula botolo uja: mbali yam'mwamba ikukokedwa, yam'munsi ikufinyidwa. Pindani kamtengo kakawisi muone: kunja kumang'ambika, m'kati kumachita makwinya. Mukangodula kuchokera pamwamba, nthambi imathyoka musanamalize n'kusenda khungwa la thunthu ngati nthochi. Mukadula kuchokera pansi mpaka kulowa kwambiri, mpata umatsekeka n'kupana bar.

N'chifukwa chake nthambi yolemera imadulidwa katatu. Koyamba, kuchokera pansi, masentimita pafupifupi 30 kuchokera pa thunthu, kulowa gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwake. Kachiwiri, kuchokera pamwamba, kunja pang'ono kwa podula poyamba paja, mpaka nthambi itagwa. Khungwa likayamba kusendeka limakathera pa mpata wapansi uja. Kachitatu, kuchotsa kachitsa kotsalako kunja kwa kolala.

Mango amatulutsa maluwa kunsonga za nthambi, choncho nthawi yabwino yowadulira ndi mukangomaliza kuthyola zipatso, kuti apeze nthawi yophukira nyengo ya maluwa isanafike. Sankhani tsiku lopanda mvula. Musachotse masamba opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi nthawi imodzi, pajatu masamba ndiwo khitchini ya mtengo. Dziwaninso kuti utomoni wa mango umayabwa ndi kutupitsa khungu la anthu ena.

Pamene macheka alionse sayenera kufika

Nthambi yaiwisi ndi yolemera kuposa mmene maso amaonera. Tengani ya masentimita 15 kunenepa ndi mamita atatu kutalika. Itakhala yonenepa mofanana mpaka kumapeto, πr² kuchulukitsa ndi kutalika kukupatsani pafupifupi 0.053 m³. Mtengo wauwisi wadzaza madzi, ndipo mitundu yambiri imalemera moyandikira makilogalamu 900 pa m³ iliyonse. Yankho ndi pafupifupi makilogalamu 48. Ndi thumba la chimanga limenelo, likugwa kuchokera m'mwamba. N'chifukwa chake wogwira macheka a pa ndodo saima pansi pa nthambi imene akudula, ndipo ana, ziweto ndi oonerera amakhala kutali.

Choopsa kuposa zonse ndi mawaya a magetsi. M'nyumba timalandira 230 V, koma mawaya ena a ESCOM odutsa m'makwalala ndi m'midzi amanyamula 11,000 V kapena 33,000 V. Mtengo wauwisi umadutsitsa magetsi chifukwa cha madzi ndi mchere wa m'kati mwake, ndipo magetsi amphamvu chotere amatha kulumpha kampata ka mpweya musanakhudze n'komwe waya. Mabuku a malangizo a opanga ena a macheka a pa ndodo amalamula kutalikira mamita 15. Nthambi ikayandikira mawaya, ntchitoyo si ya pakhomo. Dziwitsani a ESCOM, kapena a ZESCO kwa anzathu a ku Zambia.

Mafunso oti mupite nawo ku shopu

Choyamba, nthambi yonenepa kwambiri imene mukufuna kudula ndi ya masentimita angati, ndipo ili pamwamba bwanji? Yankho likuuzani gulu la macheka ndi kutalika kwa bar.

Chachiwiri, akulemera bwanji batire, bar ndi tcheni zili pomwepo? Amene adzawagwiritse ntchito awanyamule ali ozima, aone ngati angawagwire mphindi imodzi osanjenjemera.

Chachitatu, batire ndi la Wh zingati, ndipo nambalayo ikugwirizana ndi kulemera kwake? Likafa, lina lipezeka?

Chachinayi, ali ndi buleki ya tcheni kapena chotchinga, komanso batani loletsa kulira mwangozi?

Chachisanu, tcheni chimalandira bwanji oilo? Macheka akuluakulu ali ndi kathanki kothira okha, koma timacheka tambiri tating'ono timafuna kudonthezera ndi manja. Oilo wakuda wochotsedwa mu galimoto si woyenera: ali ndi tizitsulo ndi zonyansa, ndipo tcheni chimamumwaza pa mtengo, m'nthaka ndi pa khungu.

Chachisanu ndi chimodzi, tcheni china ndi tupa yonolera ya saizi yake zikupezeka kufupi? Macheka otchipa amene tcheni chake sichipezeka amagwira ntchito mpaka tsiku limene mano abunthe, kenako n'kukhala chokongoletsa m'nyumba.

Mukayankha mafunso onsewa moona mtima, nthawi zina yankho lidzakhala lakuti musagule makina. Ngati nthambi ndi zitatu kapena zinayi pachaka, zosapitirira masentimita 10, sowo yamanja yakuthwa ndi yopepuka kuposa macheka onse tatchulawa, siifuna tchaja, ndipo ilibe kickback. Ngati nthambi ndi yaikulu, yapamwamba, kapena yaweramira pa denga, ndalama za macheka ndi bwino zipite kwa munthu wodziwa ntchitoyo. Macheka opepuka a batire malo awo ndi pakati apa: nthambi zambiri, zonenepa pang'ono, zofikika munthu ataima pansi ndi miyendo yonse iwiri.

Nayi ntchito yoti mukayese ndi anzanu ku kalabu ya sayansi. Macheka A amalemera makilogalamu anayi ndipo agwiridwa mamita 0.4 kuchokera paphewa. Macheka B ali ndi mutu wa kilogalamu imodzi pa ndodo ya mamita anayi yoimikidwa pa madigiri 60. Tengani g kukhala 10 N/kg, musawerengere kulemera kwa ndodo. Ndi ati ali ndi moment yaikulu? Mukapeza yankho, yesaninso ndodoyo itatsika kufika madigiri 30.